Shopu za beti za pa Nchalo ndi Ngabu: zimalipira bwino, koma pakhomo palibe wofunsa zaka

Kuchokera pa Dyeratu kutsika ndi msewu wa M1 kudzera pa Nchalo, Ngabu mpaka Bangula, shopu ya beti simungaisowe. Zambiri zimafanana: chipinda chimodzi, kauntala yotchinga ndi waya, ma TV awiri kapena atatu, mapepala a magemu omatidwa pakhoma, ndi fani yongozunguza mpweya wotentha. Loweruka masana magemu a ku England asanayambe, mzere umafika pakhonde. A kabaza amatsamiritsa njinga panja, wina n'kumakopera manambala a magemu padzanja ndi bolopeni chifukwa pepala la pakhoma ndi limodzi ndipo onse akulifuna.

Pa ntchito ya pakauntala, shopu zokhala ndi chiphaso zikuchita bwino. Mumatchula nambala ya gemu, zomwe mwalosera ndi ndalama yanu, kalaliki n'kusindikiza tikiti. Ndalama zochepa mukapambana amakupatsani pompo. Zambiri nthawi zina zimadikira, chifukwa m'kabati simukhala zokwanira. Musanachoke pawindo werengani tikitiyo mzere ndi mzere, poti m'phokoso kalaliki akhoza kudina 1 (timu ya pakhomo ipambana) m'malo mwa X (matimu afanana mphamvu), ndipo gemu ikayamba palibenso chokonza. Kenako ijambuleni pafoni. Pepala lake ndi lija losindikizidwa ndi kutentha, lopanda inki, ndipo kuno ku chigwa, komwe mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, tikiti yokhala m'thumba la thukuta kapena padzuwa imafufutika kapena kuda msanga. Komabe chithunzi n'chongothandiza pokangana, polipira amafuna tikiti yeniyeniyo. Onaninso masiku amene tikiti yopambana imathera mphamvu.

Mikangano yambiri pawindo imachokera pa zinthu ziwiri. Beti wamba amawerenga mphindi 90 ndi zowonjezera za refu basi, ndiye timu yanu ikapambana pa mapenate mu kapu, tikiti yafa. Gemu ikalephereka, nthawi zambiri ma odds ake (nambala yochulukitsira ndalama yomwe mwaika) amawawerengera 1.00, choncho ndalama yomwe inalembedwa pansi pa tikiti imatsika. Pamwamba pa apo boma limadula msonkho pa zopambana. Izi sizobera, koma makalaliki ambiri safotokoza munthu asanapereke ndalama, ndipo apa mpomwe ntchito yawo ikuperewera.

Mtengo weniweni wa beti sulembedwa pakhoma. Tengani gemu ya mbali ziwiri, zigoli zifika zitatu kapena ayi, ma odds ali 1.90 uku ndi uku. Wina waika K1,000 mbali iyi, wina K1,000 mbali inayo. M'kabati mwalowa K2,000, wopambana atenga K1,900, K100 yatsala kwa eni shopu, gemu ithe mulimonse. Ndiye K5 pa K100 iliyonse. Pa gemu imodzi mtengowu ndi wopiririka, munthu angautenge ngati ndalama yolowera kokaonera mpira. Vuto ndi tikiti yayitali yomwe aliyense amaikonda. Gemu iliyonse yowonjezera imadulanso K5 yake pa zotsalazo, ndipo pofika magemu 10 eni shopu amakhala atatenga pafupifupi K40 pa K100. Magemu 10 a 1.50 amalonjeza pafupifupi K28,800 pa K500. Mwayi woti onse alowe ndi ngati kamodzi pa matikiti 96, kutanthauza K48,000 yoponyedwa kuti mubweze K28,800. N'chifukwa chake mawu akuti "yandipha ndi timu imodzi" amamveka sabata ndi sabata. Tikiti yotero inapangidwa kuti izifa choncho.

Choipa kwambiri ndi masewera othamanga: mpira wa pakompyuta womwe umatha m'mphindi zochepa, ndi kandege ka pafoni, Aviator, komwe umayenera kuchotsa ndalama yako kandegeko kasanathawe. Opanga kandege amanena okha kuti kamabweza K97 pa K100. K3 yotsalayo ikumveka yochepa, koma ulendo umodzi umatha m'masekondi. Munthu woika K1,000 maulendo 100 usiku umodzi waponya K100,000, ndipo mwa masamu K3,000 yapita ngakhale zinthu zitayenda mwa nthawi zonse. Palibe fomu ya timu yoti muiwerenge, palibe kudikira Loweruka, ndipo Airtel Money kapena Mpamba ili m'dzanja lomwelo. Ogulitsa "ma signal" (maulosi) a kandege pa WhatsApp akungokudyerani, ulendo wapitawo sunena kanthu za wotsatira.

Kodi boma lilowererepo mpaka pati? Munthu wamkulu amene wadula nzimbe mwezi wonse, kapena wagulitsa thonje lake pa Ngabu, ali ndi ufulu wodya K500 yake m'njira yomwe wafuna, monga mnzake amene amaigulira mowa. Kutseka shopu sikungathetse njuga. Ingabwerere ku makhadi a pansi pa mtengo ndi ku masamba a pa intaneti akunja komwe mukaberedwa mulibe kokadandaula. Tinaziona ndi mowa wa m'masacheti: ataletsa, kachasu sanathe. Shopu ya chiphaso ili ndi khomo, ili ndi dzina, ndipo bungwe la MAGLA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2022 loona za njuga ndi malotale, lingathe kuilanda chiphasocho.

Koma ufulu umenewu ndi wa munthu wamkulu yemwe akudziwa mtengo wa chomwe akugula, ndipo mbali zonse ziwirizi shopu zikulephera. Lamulo limati wosakwana zaka 18 asabetche. Chikwangwani chimakhalapo, wofunsa chiphaso cha unzika pakhomo ndiye sakhalapo, chonsecho ziphasozi anthu anayamba kulandira mu 2017. Mwana wa sukulu amatuma wamkulu, kapena amabetcha pa nambala ya foni ya amayi ake. Apa boma lisanyengerere: shopu yopezeka ndi mwana mkati itsekedwe, osati kungochenjezedwa. Liwakakamizenso kulemba pakhoma m'Chichewa ndi m'Chisena kuti pa K100 iliyonse amatengapo zingati, ndipo pa masewera othamanga pakhale malire a ndalama pa tsiku amene munthu akadziikira sangawasinthe usiku womwewo. M'dera lomwe mabanja ambiri anataya minda ndi ziweto ndi namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, ndalama yothera pa kandege kawirikawiri imakhala ya mbewu kapena ya fizi, ndipo mayi ndi ana amene akuvutika nayo sanavomereze kubetchako.

Kwa amene mwasankha kubetcha, pakauntala mpabwino kuposa pafoni, chifukwa ndalama mumaiona ikuchoka m'manja ndipo shopu imatseka usiku. Funsani kuona chiphaso cha MAGLA, tengani ndalama yokhayo mwakonza kutaya n'kusiya yotsala kunyumba, ndipo tikiti isapitirire magemu awiri kapena atatu. Fikani kudakali ola limodzi gemu isanayambe, poti magetsi kapena netiweki zikathawa mzere umaima, ndipo zikabwerera ma odds amakhala atasintha.