Kulankhulira ana: ku unduna kapena pa wailesi?

Namwino amene wasankhidwa kutsogolera nkhani za umoyo wa ana m'bungwe la anamwino ndi azamba ngati NONM amakhala ndi njira ziwiri.

Yoyamba ndi yogogoda m'maofesi. Amasonkhanitsa zomwe anzake akuona m'mawodi, monga ana angati anagona awiri pabedi limodzi ndi usiku ungati okosijeni anatha, n'kukazitula ku Unduna wa Zaumoyo ku Capital Hill kapena ku komiti ya zaumoyo ya Nyumba ya Malamulo bajeti isanakambidwe. Njirayi ndi yochedwa, ndipo anamwino anzake amatha kudandaula kuti mtsogoleri wawo wangoti zii. Komatu ndondomeko zimalembedwa kumeneko. Ali m'chipindamo angathe kukumbutsa akuluakulu kuti mu 2001 ku Abuja maiko a mu Africa analonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, n'kufunsa kuti gawo la ana ndi liti.

Yachiwiri ndi ya pa wailesi ndi pa Facebook. Iyi imathamanga. Mayi wa ku Nsanje akamva namwino akufotokoza za katemera wa malungo, amene anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2019, mantha amachepa. Koma ukadzudzula poyera munthu amene mawa ukufuna akusainire chikalata, chitseko chimatha kutsekeka.

Ine ndingayambire ku maofesi, nditanyamula ziwerengero za m'wodi ya ana obadwa masiku asanakwane, momwe amayi amakhala tsiku lonse khanda lili pachifuwa. Akandizengereza mpaka bajeti kudutsa, pamenepo ndingapite pa wailesi ndi ziwerengero zomwezo.