Kakompyuta kanga katha miyezi khumi, alamu akufunsa ngati nawonso amange kotere

Loweruka lapitali alamu anga anatulukira kuchipinda kwanga ku Rosettenville, kuno ku Joni (Johannesburg), laputopu yawo ili m'jumbo ngati nkhuku yakufa. "Alamu, iyi yatisiya. Ndikagule ina yakale m'tauni, kapena mundimangire kabokosi ngati kanuka?" Ndinayamba kuyankha kuti mangani, kenako ndinati ayi dikirani kaye, mapeto ake ndinangoti tiyeni tidye nsima isanazizire. Anabwerera kwawo ku Turffontein opanda yankho. Ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe, chifukwa m'Malichi 2025 nditangokamanga ndinakatamanda mopitirira muyeso, ndipo mawu ena amene ndinanena nthawi imene ija akufunika kuwabweza.

Kwa amene simunakaone: kabokosi kake ndi ASRock DeskMini X300, ka malita 1.92, kosafika ngakhale pa lofu ya buledi. Kamabwera ndi bodi yake, pamene pamalumikizidwa zida zonse, kale mkati ndi adaputa yakunja ya 19V ngati ya laputopu. Iwe umangowonjezera purosesa (ubongo wa kompyuta), RAM (memore yogwirira ntchito kompyuta ikayaka) ndi SSD (mosungira mafayilo). Ine ndinaikamo Ryzen 5 5600G, ya ma core 6, imene zithunzi imatulutsa yokha popanda khadi lapadera. SSD ya 500GB. RAM timitengo tiwiri ta 8GB, ta mtundu waufupi uja wa m'malaputopu. Sikirini, kiyibodi ndi mausi ndinali nazo kale. Zonse pamodzi zinandidyera pafupifupi R7,500. Ntchito yake ndi yamasiku onse: kulembera anthu ma CV, mapulogalamu a maukwati ndi maliro, kudzaza mafomu a pa intaneti, kutumiza ndalama kumudzi, ndipo madzulo mpira.

Zoyenda bwino sindichedwa nazo. Kamayaka ndisanamalize kukoka mpando. Windows 11 inalowa popanda kunyengerera, moti pa 14 Okutobala 2025 pamene Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, ine ndinalibe nazo nkhawa. Fani yoziziritsa ndi ya AMD yomwe imabwera ndi purosesa. Kabokosika kamalola yotalika mamilimita 46 okha, ndiye ndinaichotsa kamkombero kapulasitiki kapamwamba n'kulowa bwinobwino. Phokoso lake limamveka usiku wokha, filiji ikapuma. Mabowo a USB ndi anayi basi, ndinagula kowonjezera ka R120 nkhani n'kutha. Fumbi la m'nyengo yozizira kuno kum'mwera kwa tauni, kufupi ndi milu ya mchenga wa m'migodi, limalowa ndithu pa timabowo ta m'mbali, choncho kamodzi pamwezi ndimakatsegula n'kukapukuta ndi mswachi wakale.

Magetsi ndiye anandidabwitsa mokoma. Eni nyumba anatiikira mita yathuyathu chipinda chilichonse, ndiye yuniti iliyonse ndimaimva m'thumba. Mnzanga wina wokonza zamagetsi anandibwereka kamita kolumikiza papulagi. Kakangokhala osagwira kanthu kamakoka mawati 12 kapena 13, ndikamalemba ndi kutsegula masamba angapo kamafika cha m'ma 30. Werengani nokha: mawati 30, maola 8 patsiku, masiku 30, ndi mayuniti 7 okha pamwezi. Ketulo ya mawati 2,000 imamaliza mayuniti amenewo m'maola atatu ndi theka. Magetsi akathima, kaya ndi mawaya abedwa kaya ndi mvula yamabingu ya kuno, kabatire kanga kakang'ono kamanyamula kompyuta, sikirini ndi rauta mpaka maola anayi kapena asanu.

Tsopano nkhani imene yandilembetsa.

Kabokosi, purosesa ndi SSD ndinaitanitsa kusitolo yapaintaneti, malisiti ake ali mu imelo mpaka lero. Pofika pa RAM ndalama zinali zitayamba kuthawa, ndiye ndinalowa m'tauni, kashopu kena m'timisewu ta kufupi ndi Small Street, kodzaza ndi matchaja ndi magalasi a mafoni mpaka kudenga. Mwini wake anatulutsa timitengo tiwiri m'timapulasitiki, zomata zake zofanana, zolembedwa DDR4 3200, kutanthauza mtundu wa RAM ndi liwiro lake. Anati ndi lisiti R800, popanda lisiti ndipo ndalama pamanja R650. Ndinaganiza za R150 ija ngati ndiwo za masiku awiri. Ndinapereka R650 n'kutuluka ndikudziona wochenjera.

Miyezi iwiri yoyamba kunali zii. Mu Meyi kanayamba kuuma kamodzikamodzi: mausi osasuntha, kiyibodi osayankha, mpaka ugwire batani n'kukazimitsa mokakamiza. Ndinkati ndi Windows. Ndinkati ndi Chrome yadya malo. Tsiku lina ndinanamizira magetsi, tsiku lina kutentha, poti Joni ili pamtunda wa mamita oposa 1,700 ndipo mpweya wake wopepuka suziziritsa ngati wa kunyanja. Koma kutentha kwa purosesa ndikakuyang'ana kunali kwabwinobwino.

Usiku wina mu Juni ndi umene sindidzauiwala. Mnyamata wina wa kwathu anamwalira, ndipo bungwe lathu la maliro linkasonkha ndalama zotumizira thupi kumudzi. Amene munakhalapo pa zotere mukudziwa: mayina amabwera pa WhatsApp usiku wonse, uyu R100, uyu R50, uyu walonjeza Lachisanu, ndipo m'mawa akuluakulu amafuna ndandanda yosindikiza kuti aliyense aone dzina lake, pasakhale wonena kuti zake zadyedwa. Amayi awiri a m'komiti anakhala pabedi panga atafunda mabulangete, hita ili kumapazi, mmodzi akuwerenga mayina pafoni ine ndikulemba. Tinafika pa dzina la 140 ndi kanthu. Sikirini inangoti mbuu, yabuluu, kankhope kachisoni pamwamba, pansi mawu oti MEMORY_MANAGEMENT. Kanadzizimitsa n'kuyakanso. Fayilo inabwerera ndi mayina 90 okha. Mayi wamkuluyo sanakalipe. Anangoti, "Bambo, kodi si mwati makinawa ndi atsopano?" Kenako anatulutsa kope ndi bolopeni m'chikwama mwawo n'kuyamba kulemba pamanja, kuti kakafanso tikhale ndi pogwira. Tinamaliza 2 koloko m'bandakucha, ine ndikusunga fayilo pakatha dzina lililonse ngati wamisala. Manyazi amene ndinamva usiku umenewo aposa a ngongole.

Mawu a pasikirini aja ndi amene anandilozera njira. Ndinaika MemTest86 pa fulashi, pulogalamu yaulere imene imayaka Windows isanayambe n'kumalemba ndi kuwerenga malo aliwonse a mu RAM kuona ngati zimene yaika n'zimene ikupeza. Mphindi makumi awiri zoyamba, bata. Kenako mizere yofiira inayamba kutsika ngati nyerere zaona shuga. Ndinachotsa kamtengo kamodzi n'kuyesa kotsalako usiku wonse: koyera. Ndinasinthanitsa: zofiira zija balamanthu. Ndinakasamutsira pa bowo linalo kuti mwina vuto ndi bodi, zofiira zinakatsatira komweko. Nditatsegula CPU-Z, imene imawerenga zolembedwa mkati mwenimweni mwa kamtengo osati pa chomata, ndinapeza kuti tiwirito si tapachibale n'komwe. Kabwinoko kanalidi ka 3200. Kodwalako kanali ka 2400, ka fakitale ina, ndipo nditakanda ngodya ya chomata ndi chikhadabo, pansi pake panali guluu wa chomata china chakale.

Ulendo woyamba kushopu kuja unali wa mphindi ziwiri. "Lisiti ili kuti?" Ndinati munandiuza nokha kuti popanda lisiti n'zotchipa. Anati sakundikumbukira, ndipo anthu ambiri amagula kwina n'kudzabweza kwa iye. Anatembenukira kasitomala wina. Ndinatuluka mtima ukuwira, ndinayenda wapansi mpaka kokwerera matekisi osaona n'komwe njira.

Chimene anaiwala n'chakuti tsiku ndisanagule ananditumizira pa WhatsApp chithunzi cha timitengo tomweto tili pakauntala yake, manambala a pa zomata akuoneka bwino, ndi uthenga wonena mtengo ndi mawu oti n'zatsopano. Ndipo lamulo la kuno, Consumer Protection Act ya 2008, gawo 56, limati katundu wogula kwa wamalonda akapezeka ndi chilema pasanathe miyezi isanu ndi umodzi ukhoza kumubweza, ndipo wosankha pakati pa kukonzeredwa, kusinthiridwa kapena kubwezeredwa ndalama ndi wogula, osati wogulitsa. Kuli ngakhale ofesi ya Consumer Goods and Services Ombud yomva madandaulo otere kwaulere. Ine ndinagula pakati pa Malichi, ndiye mpata wanga unkatha pakati pa Sepitembala. Koma tisanamizane, enafe mawu oti ofesi amatiumitsa m'kamwa ngakhale mapepala athu ali bwino, ndipo ogulitsa a m'tauni amadziwa zimenezo. Amamva kalankhulidwe kako n'kudziwiratu kuti uyu sapita patali.

Ulendo wachiwiri ndinapita ndi chithunzi cha mizere yofiira, uthenga wake uja, ndi gawo 56 nditalisindikiza papepala. Anawerenga theka n'kunena kuti asiye kamtengoko akakayese, ndibwere sabata yamawa. Ndikutuluka, mnyamata wake wokonza mafoni pakona, amene nthawi yonseyi anali chete ndi kasikuludalaiva m'manja, ananditsatira panja ngati akukagula madzi. Anandilankhula m'Chichewa, cha kunyanja chenicheni. "Madala, musalole akupatseni ka m'kabati yapansi. Timeneto timazula m'malaputopu akufa. Nenani kuti mukufuna kayesedwe inu mukuona." Sanadikire n'komwe kuti ndimuthokoze.

Masabata amene ndinakhala ndi kamtengo kamodzi anandiphunzitsa chinthu chimene poyamba ndinkangochimva. Purosesa ngati 5600G ilibe RAM yakeyake ya zithunzi, imabwereka pa yomweyo ya kompyuta, ndipo timitengo tikakhala tiwiri msewu wake umakhala wa mizere iwiri. Ndi kamodzi, kulemba kalata kunalibe kusiyana, koma mwana wa eni nyumba amene amabwera kudzasewera timagemu take Lamlungu anadandaula tsiku loyamba lomwe kuti amalume, kayamba kutsimphina.

Ulendo wachitatu kamtengo kanali "kasanayesedwe". Wachinayi, kumayambiriro kwa Sepitembala, ndinanyamula kompyuta yonse m'chikwama chakumsana, apa ndiye kuchepa kwake kunandithandiza, n'kukaiika pakauntala yake pamodzi ndi fulashi. Ndinati sindichoka. Ndalama anakaniratu kubweza. Anatulutsa kamtengo kena, kakale koma kosabisa ukalamba wake, ka 2666, tinakayesa pa sikirini yake pafupifupi ola lathunthu makasitomala akundilambalala. Koyera. Ndinadziwa kuti lamulo likundilola kuumirira ndalama, koma ndinali nditatopa. Tsopano tiwirito timayendera liwiro la kochedwako, 2666, ndipo kuyambira tsiku limenelo sikanaumenso ngakhale kamodzi. Miyezi inayi tsopano.

Ndikawerengetsa, R150 imene ndinapulumutsa inandidyera maulendo anayi a tekisi, maganyu awiri a Loweruka amene ndinawakana, ndi mayi uja amene mpaka lero akabweretsa ntchito amabwera ndi kope lake. Mu Ogasiti mukanandifunsa ndikanati gulani laputopu yakale, zomangamanga zisiyeni. Mu Novembala, kakuyenda ngati madzi, ndinkauza aliyense kuti palibe chinthu chabwino chimene ndagula chibwerereni ku Joni kuposa ichi.

Lero ndili pakati, ndipo chandiika pakati ndi mtengo. Alamu atachoka ndinayang'ana mitengo kuti ndiwawerengere. RAM inakwera moopsa kumapeto kwa 2025, chifukwa mafakitale akuluakulu atatu, Samsung, SK Hynix ndi Micron, anatembenukira ku memore ya makompyuta a AI ndipo DDR4 anayamba kuisiya pang'onopang'ono. Timitengo tiwiri tofanana ndi tanga, tatsopano ndi lisiti, paliponse pamene ndinayang'ana tinali toposa kawiri R800 imene ndinaikana ija. Zoseketsa zake n'zakuti ngakhale ndiphatikize matekisi onse, RAM yanga yachinyengoyi yatuluka yotchipa kuposa yachilungamo ya lero. Sindikudziwa ngati ndiseke kapena nditukwane.

Pali chinanso chimene alamu anachitchula tikusamba m'manja. Makinawo si awo, akufuna kutumizira mwana wawo wamkazi amene ali kukoleji ku Zomba. Kunyamula si vuto, kabokosika kamalowa m'chikwama chapamiyendo pabasi kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, ndipo kumudzi n'kungosintha chingwe chakukhoma kuti chikhale cha mano atatu amakona aja. Koma mwana wa kuhositelo adzafuna sikirini, kiyibodi, tebulo lake, ndi batire la nthawi imene magetsi athima, pamene laputopu zonsezo inabadwa nazo. Kwa iyeyo kabokosi ayi. Kwa munthu wokhala pamalo amodzi ngati ine, amene mita yamagetsi imamuyang'ana m'maso, ndikanamanganso mawa lomwe, kungoti RAM ndikanaigula komwe ndinagula zinazo.

Ndawaimbira alamu dzulo kuti Loweruka tikumane pa Park Station 9 koloko tikayang'ane laputopu yakale ya m'maofesi, kwa wogulitsa wolemba lisiti yokhala ndi dzina la shopu ndi deti. Ndawauza kuti fulashi yanga ndibwera nayo, ndipo tikhala pakauntala mpaka mayeso athe, wogulitsa akwiye asakwiye. Anafunsa ngati tingadutsire kwa munthu wanga uja, poti amva kuti ali ndi malaputopu otchipa. Ndinati tidutsa, koma kukangopereka moni kwa mnyamata wa pakona uja, ndili naye ngongole ya Fanta.