Mnzanga anagwa pabwalo la basiketibo ku Wuhan

Abale anga kumudziko, chino ndi chaka chachitatu ndili pasukulu kuno ku Wuhan, m'dziko la China. Ndili ndi mnzanga wa m'kalasi wochokera kuchigawo cha Hunan, mnyamata wa zaka 23, wosasuta, wowonda ngati bango, yemwe pabwalo la basiketibo ankatisiya tonse kumbuyo.

Madzulo ena tikusewera anangoima, kugwira pachifuwa, n'kugwa. Atatsitsimuka anati ndi njala chabe, koma titamupanikiza anaulula kuti aka n'kachiwiri. Kuchipatala anamuyeza ECG, yoona kagundidwe ka mtima, yomwe ifenso alendo timayezedwa tikamafuna chilolezo chokhalira kuno, ndipo sinaonetse vuto. Ine mtima unakhala pansi. Koma dokotala, mayi wachikulire ndithu, anamufunsa kuti, “Unakomoka uli mkati mothamanga kapena utapuma?” Atamva kuti ali mkati mothamanga, anamulembera CT ya mitsempha ya mtima, kutanthauza kujambula m'kati mwa thupi ndi makina.

Ndinamuperekeza. Anamumwetsa piritsi loti mtima uzigunda pang'onopang'ono, cha m'ma 60 pa mphindi, chifukwa ukamagunda mothamanga chithunzi sichioneka bwino. Kenako anamubaya pamkono mankhwala a ayodini oonetsa njira ya magazi, n'kumuuza kuti asapume kwa masekondi ochepa. Basi, n'kutuluka.

Pa kompyuta dokotala anautembenuza mtimawo uku ndi uku. Mtima umadyetsedwa ndi mitsempha iwiri, wakumanzere ndi wakumanja, yophukira patsinde la mtsempha waukulu wotchedwa aorta, uliwonse mbali yake. Wakumanja wa mnzangayu unaphukira kumanzere, pakamwa pake popapatiza, ndipo kuti ukafike kwawo unkadutsa pampata wa pakati pa aorta ndi mtsempha wopita kumapapo. Akakhala phee magazi ankayenda bwino. Akathamanga aorta inkafufuma n'kuupana, ngati paipi yothirira dimba ikapondedwa ndi ng'ombe.

Anabadwa nazo. Si mafuta, si zakudya. Pafupifupi munthu mmodzi mwa 100 alionse amabadwa ndi mitsempha ya mtima yoyenda mwa njira ina, ndipo ambiri amakalamba osadziwa. Madokotala a kuno akawerengera zithunzi za CT za anthu awo amapeza kuti mtundu wa mnzangawu ndi umodzi mwa yopezeka kawirikawiri. Woopsa kwambiri ndi wosemphana nawo, pamene wakumanzere waphukira kumanja. Ku America vuto lotere ndi lachiwiri pa zimene zimapha mwadzidzidzi achinyamata ochita masewera.

Chimene chimathandiza kuno n'chakuti makina a CT ali m'zipatala zambiri, komanso anthu anazolowera kuyezetsa thupi chaka ndi chaka, okha amati tijian. Kale ankadalira kulowetsa kapaipi mumtsempha n'kujambula, koma chithunzicho n'chafulati, moti kudziwa ngati mtsempha wadutsa kutsogolo kapena pampata woopsawo kunali kovuta.

Popeza anali atakomoka kawiri, anamuchita opaleshoni yotsegula pamene pankapanika paja. Mayi ake anabwera kuchokera ku Hunan, ndipo tinadikira limodzi pakhonde, iwo akulira, ine ndikupemphera m'Chichewa. Pano akuyenda bwinobwino, mpira sanamulolebe.

Usiku wa tsiku la opaleshoniyo tulo sindinatione. Ndinkakumbukira mnyamata wa kwathu uja amene anagwa pa mpira wa midzi, tili ana, osadzukanso. Kumaliro anthu ankanong'onezana kuti a timu inayo anamukhwimira, ndipo mabanja awiri sanalonjerane kwa zaka. Palibe anaganiza zoyeza mtima wake, ndipo zimandipwetekabe.

M'mawa mwake ndinaimbira achemwali. Mwana wawo wa Folomu 2 wakhala akudandaula pachifuwa akamasewera mpira, iwo n'kumati ndi ulesi. Ndawapempha kuti ayambe wasiya mpirawo, apite naye kuchipatala chachikulu, ndipo akanene momveka kwa adokotala kuti ululuwo umabwera ali mkati mothamanga. Ndalama ya thiransipoti ndatumiza kale.