Nthano za Aesop kapena za La Fontaine, ziti zokoma?

Ndimakonda zonse koma sizofanana ayi. Za Aesop ndi zazifupi heavy, nkhandwe yalephera kufikira mphesa, yanena kuti aaa ndi zosapsa, basi nkhani yathera pompo, kenako kachiganizo kamodzi ka phunziro kumapeto. Aesop mwini wakeyo sanasiye buku. Herodotus, wolemba mbiri wakale wa ku Greece, amati Aesop anali kapolo wa munthu wina dzina lake Iadmon pa chilumba cha Samos ku Greece cha m'ma 500 BC ndipo anthu a ku Delphi anamupha, nthanozo zinkangoyenda pakamwa mpaka Demetrius wa ku Phalerum anazisonkhanitsa cha m'ma 300 BC.

La Fontaine ndi Mfalansa, mu 1668 anatulutsa nthano 124, zambiri kutenga kwa Aesop yemweyo koma kuziika mu ndakatulo, nkuzipereka kwa mwana wa mfumu Louis XIV. Apa nyama zimalankhula ngati mabwana, zimanyengerera, zimanyoza. Onani ya nyenje ndi nyerere, pomwe nyenje inkangoimba osasunga chakudya kenako nkukapempha kwa nyerere, kwa Aesop uthenga ndi woti waulesi agona ndi njala, koma La Fontaine saikapo phunziro lililonse, nyerere imangoti unkaimba eti, ndiye vina tsopano, iwe nkutsala ukudzifunsa ngati nyerereyo si youma mtima chabe.

Vuto lake ndakatulo ikamasuliridwa kukoma kwina kumatayika, pomwe za Aesop olo uzinene m'Chichewa ana ali pamphasa zimagwirabe. Ana anga ndimawauza za Aesop. La Fontaine ndimawerenga ndekha akagona.