Kuletsa kapena kupereka ziphaso kwa okumba golide?

Anthu akamakumba golide mwachisawawa, boma limakhala ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kuletsa. Ghana inatero mu 2017, mitsinje itasanduka matope okhaokha, koma chiletsocho chinachotsedwa mu 2018. Ambiri sanasiye, ankangokumba mobisa.

Njira ina ndi kupereka ziphaso ndi kutsegula misika. Tanzania inatsegula msika wa golide ku Geita mu 2019 kuti wokumba azigulitsa poyera, boma lizipeza msonkho, golide asamazembetsedwe. Ine ndili mbali imeneyi. Munthu wachiphaso amadziwika komwe ali. Alangizi angathe kumuyendera, kuona ngati dzenje lake lachirikizidwa ndi mitengo kuti lisamugwere, n'kumuphunzitsa kusiya kuwotcha mercury (mankhwala olekanitsira golide ndi dothi), amene utsi wake umawononga ubongo, makamaka wa ana. Komatu chiphasocho chikakhala chodula, osauka amabwereranso kokumba mobisa.