Ngolo Yongokokedwa ndi Ngolo Yodzikankha Yokha

Ife alimi a m'mphepete mwa Harare amene timatengera ndiwo zamasamba ku msika wa Mbare Musika timadziwa mmene thirakitala imatitimirira m'matope a dzinja ikamakoka ngolo yodzaza. Ngolo wamba ndi yotsika mtengo ndipo amisiri owotcherera zitsulo amaikonza mosavuta, koma mawilo ake amangotsatira, moti katundu yense amalemera thirakitala.

Ngolo yodzikankha imalandira mphamvu ya injini kudzera pa shafiti ya PTO (chitsulo chozungulira chimene chimatenga mphamvu kuchokera ku thirakitala), choncho mawilo ake nawonso amakankha. Ku Britain anaiyesera pa galimoto ya asilikali ya Land Rover 101, yomwe ikalumikizidwa ndi ngolo ya kampani ya Rubery Owen inkayenda ndi mawilo 6 okankha, koma asilikali sanaigwiritse ntchito kwenikweni, chifukwa pokhota ngoloyo inkatha kukankha galimoto mpaka kuigubuduza. Ku Sweden maganizo omwewo anabala zipatso: thirakitala ya kumunda yolumikizidwa ndi ngolo yotereyi ndiyo inasanduka galimoto yonyamula miyala ya Volvo mu 1966.

Kwa ine, mlimi wa m'dambo ayenera kuganizira yodzikankhayi, malinga ngati liwiro la mawilo ake likugwirizana ndi la thirakitala. Wa kumtunda kouma angokhala ndi yakale ija.