Kuukira ngati Tal kapena kufinya pang'onopang'ono ngati Kramnik?

Anyamata ambiri amene timasewera nawo chess kuno ku Mzuzu, kaya ku Katoto kaya ku Luwinga, amakonda kuukira basi, kupereka hatchi dala kuti mfumu ya mnzawo ikhale pambalambanda. Ndi sitayilo ya Mikhail Tal imeneyo, ndipo inamupatsadi ukatswiri wa dziko lonse mu 1960 atagonjetsa Botvinnik. Ubwino wake mdani amasokonezeka mutu, nthawi ikumuthera pa wotchi, kenako amalakwitsa. Koma Botvinnik yemweyo anakakonzekera bwino n'kudzalanda mpando uja mu 1961.

Njira inayo ndi yodekha, ndipo ineyo ndi imene ndimaikhulupirira. Ku London mu 2000, polimbirana ukatswiri wa dziko lonse, Vladimir Kramnik ankadziwa kuti mdani wake Garry Kasparov ndi woopsa ma kwini akakhala pa bolodi, ndiye ankasewera njira yoyambira gemu yotchedwa Berlin Defence, ma kwini kudyana msanga pa muvu ya 8, mfumu yake osapanga castling (muvu yobisa mfumu chakukona mothandizidwa ndi rook) koma osagwidwanso, Kasparov anagogoda anagogoda osawina gemu ngakhale imodzi, Kramnik anawina awiri ena onse anafanana mphamvu. Magnus Carlsen nayenso, poteteza ukatswiri wa dziko lonse mu 2021 ku Dubai, anafinya Ian Nepomniachtchi mamuvu 136 mu gemu imodzi, pafupifupi maola 8 ali pampando.

Vuto la njira yodekhayi imafuna munthu wopirira komanso wodziwa endgame, kumapeto kwa gemu pamene zidutswa zatsala zochepa pa bolodi. Pa blitz, gemu yachangu ya mphindi 5, ukirani aise, mnzanuyo sapeza nthawi yowerengera zonse. Koma amene mukufuna matonamenti a nthawi yaitali, yambani kuphunzira kusewera ndi ma rook ndi ma pawn okha, magemu ambiri amakathera kumeneko.